Kuika mabatire a lithium m'boti la thanga popanda kuotcha alternator kapena kuzimiridwa magetsi pakati pa nyanja

Batire la asidi likamatha moto limachenjeza. Nyale zimayamba kuchita chizimezime, filiji imavutika kudzuka, ndipo munthu umadziwa kuti yakwana nthawi yoliza injini. La lithium silichenjeza. Limapereka mphamvu yofanana mpaka litatsala pang'ono kutheratu, kenako kachipangizo kamene kamalilondera, kotchedwa BMS, kamadula magetsi onse kamodzin'kamodzi. Kumtunda zikatero mumangoyatsa kandulo. Koma muli pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma usiku wa mu Julayi, mwera utakwiya, zinthu zake n'zina: nyale zodziwitsa maboti ena zazima, wailesi yoitanira thandizo yazima, GPS yazima, pampu yotulutsa madzi nayo yaima. Choncho ntchito yeniyeni yagona pa zozungulira batirelo: chimene chikulitchaja, chimene chikuliteteza, ndi chimene chidzakugwireni dzanja tsiku limene BMS idzadule. Wogulitsa akakuuzani kuti mungochotsa lakale n'kuikapo latsopano basi, musamumvere.

Boti la thanga lokhala ndi injini limakhala ndi mabatire a ntchito ziwiri. Lina ndi lolizira injini, ena ndi oyendetsa zonse za m'katimo monga filiji, nyale ndi wailesi. Amene tikusintha pano ndi achiwiriwa. Lolizira injini lisiyeni likhale la asidi, chifukwa mtsogolomu tilifuna kwambiri.

Choyamba: werengani moto umene boti lanu limadya pa tsiku

Musanafunse mtengo, tengani pepala. Chipangizo chilichonse mulembe ma amp amene chimakoka ndi maola amene chimayaka, n'kuchulukitsa. Yankho lake ndi Ah, muyeso womwe umalembedwa pa batire.

Mwachitsanzo, filiji yokoka 4A imene kompresa yake imalira theka la tsiku nyengo yotentha idya 48Ah. Makina owongolera boti okha, a 2.5A kwa maola 8, ndi 20Ah. GPS ndi choyezera kuya kwa madzi ziike pa 12Ah. Nyale za LED, mafoni, laputopu ndi pampu ya madzi akumwa zonse pamodzi zingakwane 20Ah. Tafika pa 100Ah pa tsiku. Mukafuna kupirira masiku awiri a mitambo osaliza injini, mukufunika 200Ah. Lithium mumatha kuigwiritsa ntchito mpaka 80 peresenti osaiwononga, ndiye kuti mugule zosachepera 250Ah, ndipo pamsika mupeza 280Ah kapena mabatire atatu a 100Ah. Kuti mupeze moto womwewo ku mabatire a asidi, amene safuna kutsika kupitirira theka, mukanafunika 400Ah. Batire la asidi la 100Ah limalemera pafupifupi makilogalamu 30 pomwe la lithium limalemera 12 kapena 13, ndiye muona nokha kusiyana kwa katundu.

Ine ndimakonda mabatire awiri kapena atatu kusiyana ndi limodzi lalikulu. Lililonse lili ndi BMS yake, ndipo limodzi likadula enawo amapitiriza.

Chachiwiri: sankhani batire loyenera

Mabatire a lithium alipo a mitundu ingapo, koma m'boti muike LiFePO4 yokha. Mtundu umenewu suyaka msanga ngakhale utatentha kapena kuvulala. Timabatire tochokera m'malaputopu ndi m'njinga zamagetsi, timene anthu ena amalumikiza n'kugulitsa motchipa, ndi ta mtundu wina woyaka moopsa, ndipo moto wake suzimitsika ndi chozimitsira moto wamba. Pamadzi palibe kothawira, choncho timeneto tisakwere n'komwe.

Batire la LiFePO4 la 12V lili ndi maselo anayi, kapena kuti timabatire ta m'kati, a 3.2V, pamodzi 12.8V. Selo lililonse siliyenera kupitirira 3.65V potchaja kapena kutsika pansi pa 2.5V, ndipo BMS imayang'anira malire amenewa, komanso kutentha ndi kuchuluka kwa ma amp. Pogula funsani kuti BMS yake imalola ma amp angati mosalekeza. Mabatire ambiri a 100Ah amalola 100A basi. Inveta, chipangizo chosandutsa moto wa batire kukhala magetsi ngati a m'nyumba, ikakhala ya 2000W ndipo ikugwira ntchito mokwanira imakoka pafupifupi 180A, ndiye batire limodzi lotere lidzadula mukangoyatsa ketulo. Makina okwezera nangula nawo amakoka moto wambiri poyamba kuzungulira, n'chifukwa chake ambiri amawalumikiza ku batire lolizira injini, popeza pokweza nangula injini imakhala ikulira kale.

Funso lachiwiri ndi ili: kodi BMS imachenjeza isanadule? Yabwino imaliza belu kapena kutumiza chizindikiro ku tchaja ndi ku alternator, makina a pa injini amene amatchaja mabatire, kudakali masekondi angapo. Malamulo a bungwe la ku America la ABYC okhudza lithium m'maboti, otchedwa E-13 amene anatuluka mu 2022, amalimbikitsa chenjezo lotere. Bungwe la miyezo la dziko lonse la ISO nalo linatulutsa ake, otchedwa ISO/TS 23625, mu 2021. Ngati boti lanu lili pa inshuwalansi, auzeni musanasinthe, chifukwa makampani ena amafuna umboni woti ntchitoyo yatsatira malamulo amenewa.

Amene muli ndi achibale ku Johannesburg kapena ku London ndipo mukuganiza zoti akubweretsereni pandege, iwalani. Batire la 100Ah lili ndi 1,280Wh (Wh ndi Ah kuchulukitsa ndi voteji), pomwe ndege za anthu zimakana loposa 160Wh. Liyenera kubwera pamsewu kapena pa sitima ngati katundu woopsa, ndi mapepala ake.

Chachitatu: malo oikapo

Pezani malo ouma, otsika, apakati pa boti, koma okwera ndithu kuposa pamene madzi olowa m'boti amafika. M'chipinda cha injini ayi. Kutentha kumafupikitsa moyo wa lithium, ndipo BMS zambiri zimakana kutchaja kukafika cha m'ma 45°C kapena kuposerapo pang'ono. Amene munakhalapo ku Monkey Bay kapena ku Chembe mu Okutobala mukudziwa mmene bokosi lotseka limatenthera masana, choncho boolani timabowo tolowera mpweya. Amene maboti anu ali ku Britain vuto lanu ndi kuzizira: LiFePO4 siitchajidwa pansi pa 0°C, imawonongekeratu. Gulani lokhala ndi chotenthetsera m'kati kapena BMS yodula kukazizira.

Mangani batire ndi malamba olimba kapena zitsulo kuti lisasunthe mbali iliyonse, ngakhale boti litapendekeka mpaka thanga kukhudza madzi. Ma terminal muwavindikire ndi zipewa za labala.

Chachinayi: fuzi ndi mawaya

Apa m'pamene anthu amapulumutsira ndalama molakwika. Lithium ikachita shoti imatulutsa ma amp masauzande angapo nthawi yomweyo. Fuzi wamba amasungunuka, inde, koma moto umatha kulumpha pampata wosungunukawo n'kupitiriza kuyenda. Mukufunika fuzi wotha kudula moto wochuluka chonchi. Wa mtundu wa Class T amadula mpaka 20,000A, pomwe wa ANL amene amapezeka m'maboti ambiri amalekeza cha pa 6,000A. Muike Class T pa waya wa pozitivi pafupi kwambiri ndi batire. ABYC imati pasapitirire mainchesi 7, omwe ndi masentimita 18. Gulaninso wina wosungira, chifukwa fuzi ameneyu simungamupeze pa golosale ya pa doko.

Fuzi amateteza waya, ndiye kukula kwake kutsate kukula kwa waya. Pa inveta ya 2000W yomwe ili pafupi ndi mabatire, waya wa 70mm² ndi fuzi wa 250A zimayenderana. Waya akhale wa kopa wa timinyewa tambiri, wokutidwa ndi tini kuti asachite dzimbiri. Wa m'nyumba wolimba uja amathyoka ndi kugwedezeka kwa boti. Pa nyanja ya mchere, ku Cape Town, Durban kapena Pemba, waya wopanda tini amada n'kufumbwa m'kati mosaoneka. Madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere, komabe chinyontho chimagwira ntchito yomweyo pang'onopang'ono.

Ndondomeko ya mbali ya pozitivi ndi iyi: batire, fuzi, switchi yaikulu, kenako chitsulo chogawira magetsi chotchedwa busbar. Mbali ya negetivi: batire, shunt, kenako busbar. Shunt ndi kachitsulo kowerenga moto wonse wolowa ndi wotuluka, ndipo pakati pa iko ndi batire pasalumikizidwe kanthu kena kalikonse. Waya mmodzi yekha akadutsa pambali, mita yanu izikunamizani tsiku ndi tsiku.

Mukalumikiza mabatire angapo, lililonse lipite ku busbar ndi waya wake ndi fuzi wake, mawayawo akhale ofanana kutalika ndi kunenepa. Musanawalumikize, tchajani lililonse palokha mpaka kudzaza, kenako yezani ndi mita kuti muone ngati ali pa voteji yofanana. Lodzaza likakumana ndi lopanda moto, limakhuthulira moto wambiri mwa linzake nthawi imodzi. Mitu ya mawaya muifinye ndi chofinyira chenicheni, osati hamala. Pomanga, mutu wa waya ugone mwachindunji pa terminal, washa abwere pamwamba. Washa wachitsulo akakhala pakati, malowo amatentha mpaka kusungunula pulasitiki. Vulani wotchi ndi mphete, ndipo sipanala yanu muikulunge ndi tepi.

Chachisanu: alternator

Gawo ili liwerengeni kawiri. Batire la asidi likamadzaza limayamba kukana moto, ndipo alternator imapuma. La lithium limameza moto wonse umene laupeza mpaka litatsala pang'ono kudzaza. Alternator ya pa injini za maboti monga Yanmar ndi Volvo Penta, ya 80A mpaka 125A, sinapangidwe kuti izigwira ntchito ndi mphamvu zake zonse kwa maola awiri kapena atatu. Choipanso n'chakuti anthu amatchaja injini ikuzungulira pang'onopang'ono ali pa nangula, nthawi imene fani ya alternator siikupiza mphepo yokwanira. Mapeto ake mumamva fungo la waya wopsa.

Ngozi ina ndi ya BMS. Ikadula pamene alternator ikutulutsa moto wambiri, motowo umasowa kolowera, voteji imakwera mwadzidzidzi, ndipo tizipangizo ta m'kati mwa alternator totchedwa ma diode timapsa. Nthawi zina umapsereza ndi wailesi ndi GPS zomwe.

Njira yosavuta, imenenso ndingalangize eni maboti ambiri, ndi tchaja ya DC-DC. Alternator ipitirize kutchaja batire la asidi lolizira injini monga kale. Kuchokera pa batire limenelo, DC-DC imatenga moto woyezedwa n'kupereka ku lithium. BMS ikadula, alternator siidziwa n'komwe chifukwa batire la asidi likadalipo. Kukula kwa DC-DC kusapitirire theka la mphamvu ya alternator: pa alternator ya 80A ikani ya 30A, pa ya 125A ikani ya 50A. Kampani ya Victron ya ku Netherlands imapanga zotere dzina lake Orion, ndipo ya Sterling nayo ili nazo. Tchajayi imatentha, ndiye muikhome pamalo opita mphepo, ndipo mbali zonse ziwiri zikhale ndi fuzi. Kuipa kwake n'kuchedwa: pa 30A, kubweza 100Ah kumatenga maola oposa atatu injini ikulira. Amene boti lanu lili ndi injini yopachika kumbuyo, tsatani njira yomweyi ndi DC-DC yaing'ono, chifukwa kotchajira ka injini zimenezi n'kofooka kwambiri.

Njira yachiwiri ndi ya amene amayenda maulendo ataliatali ndipo akufuna kutchaja msanga. Mumachotsa regulator ya m'kati mwa alternator, kachipangizo kolamulira moto umene imatulutsa, n'kuika yakunja, monga ya Balmar kapena Wakespeed, yokhala ndi kachoyezera kutentha komamatira pa alternator. Ikafika cha m'ma 100°C, regulator imachepetsa yokha moto. BMS iyenera kulankhulana ndi regulator kuti izimitse alternator kaye isanadule batire. Njira imeneyi ndi yodula ndipo imafuna mmisiri amene anaigwirapo. Kumbukiraninso kuti lamba mmodzi wopyapyala amayamba kuterereka ndi kutulutsa fumbi lakuda mukapitirira 100A, ndiye mungafunike kusintha mapule n'kuika lamba wotakata.

Njira iliyonse imene mwasankha, fufuzani ngati m'boti muli relay yakale imene inkalumikiza yokha mabatire onse injini ikalira. Ichotseni. Lithium imakhala pa voteji yokwera kuposa asidi, ndiye relay yotere imaganiza kuti injini ikulira nthawi zonse ndipo siilekanitsa mabatire.

Chachisanu ndi chimodzi: sola ndi tchaja ya pa doko

Chilichonse chotchaja chiyenera kusinthidwa manambala. Tsatani buku la batire lanu, koma opanga ambiri amanena 14.2V mpaka 14.4V potchaja, kukhala pamenepo kanthawi kochepa, kenako kutsika pa 13.5V. Zimitsani pulogalamu ya equalize, imene imakweza voteji kupitirira 15V pofuna kutsuka mabatire a asidi. Zimitsaninso ija yosintha voteji malinga ndi kutentha. Tchaja yakale imene siilola kusintha zimenezi ichoke.

Mapanelo a 400W pa maola 5 a dzuwa lamphamvu, titachotsa kotala yotayika, amapereka pafupifupi 1,500Wh, kapena kuti 115Ah. Pa chitsanzo chathu chija zikukwana, koma pa boti la thanga mthunzi wa mlongoti ndi zingwe umayendayenda tsiku lonse, ndipo kamthunzi kochepa kamagwetsa panelo yonse. Ndi bwino panelo ya kumanja ndi ya kumanzere iliyonse ikhale ndi tchaja yake ya sola, yotchedwa controller ya MPPT. Polumikiza yambani batire, panelo pambuyo. Pochotsa yambani panelo. Ikani switchi pa waya wa mapanelo kuti zimenezi zisamavute.

Chachisanu ndi chiwiri: konzekerani tsiku limene BMS idzadule

Ikani switchi yosankhira imene ingasamutse zinthu zofunika kwambiri, monga nyale za paulendo, wailesi ya VHF ndi GPS, kuchoka ku lithium kupita ku batire lolizira injini. Ikhale yodula mbali imodzi isanalumikize inayo, kuti mabatire a mitundu iwiriyi asakumane. Ikhalenso pamalo amene mungaipeze mumdima ndi dzanja limodzi, ndipo aliyense wokwera botilo aidziwe. Pampu yodzidzukira yokha madzi akalowa ndi bwino ikhale ku batire la asidi nthawi zonse, ndi fuzi wakewake.

Pa mita yanu ikani belu loti lizilira moto ukatsika pa 20 peresenti. Mukatero mudzaliza injini kapena kuzimitsa filiji BMS isanaganize zodula.

Tsiku loyatsa koyamba

Chitani zimenezi boti lili pa doko, masana. Switchi zonse zikhale zozimitsa. Yezani ndi mita kuti pozitivi ndi negetivi sizinasemphane, kenako ikani fuzi wamkulu. Inveta yaikulu imakoka moto wambiri mphindi imene yalumikizidwa koyamba, mpaka BMS ina imayesa shoti n'kudula, choncho onani m'buku ngati pakufunika kuidzaza kaye kudzera pa resistor, kachipangizo kochepetsa moto wodutsa. Yatsani zipangizo chimodzichimodzi mukuyang'ana mita. Kenako yatsani katundu wolemera, monga ketulo, kwa mphindi 10, muzimitse, n'kukhudza polumikizira paliponse. Pamene patentha kuposa anzake ndiye kuti sipanamangike bwino.

Lizani injini kwa theka la ola batire lili pakatikati, mukuyeza kutentha kwa alternator ndi choyezera cholozera patali. Pomaliza zimitsani dala switchi yaikulu ya lithium, injini ndi sola zili zozimitsa, ndipo yesani switchi yosankhira ija kuti muone ngati wailesi ndi nyale zikuyakadi.

Kasamalidwe ka tsiku ndi tsiku

Iwalani chizolowezi choyang'ana voteji. LiFePO4 imakhala pakati pa 13.0V ndi 13.3V pafupifupi ulendo wonse kuchokera pa 90 mpaka 20 peresenti, ndiye 13.2V siikuuzani zambiri. Dalirani shunt. Koma nayo imasokera pang'onopang'ono, ndipo imadzikonza pokhapokha batire likadzaza kwathunthu. Choncho kamodzi pa sabata imodzi kapena ziwiri lidzazeni mpaka 14.2V. Nthawi yomweyo ndi imene BMS imalinganiza maselo anayi aja. Ngati BMS yanu imaonetsa pa foni voteji ya selo lililonse, yang'anani batire likamadzaza. Selo limodzi likamathamangira ku 3.65V anzake adakali pa 3.4V, tsitsani voteji yotchajira pang'ono ndipo lipatseni nthawi yotalikirapo kuti alingane.

Masiku ena onse palibe chifukwa cholimbana kuti lidzaze. Batire la asidi limawonongeka likakhala losadzaza, koma lithium imakhala bwino pakati, ndipo chimene imadana nacho ndi kukhala yodzaza kwa miyezi pamalo otentha. Mukamasiya boti nyengo ya dzinja, tsitsani moto ufike pa 50 kapena 60 peresenti, zimitsani switchi yaikulu ndi ya mapanelo, ndipo onetsetsani kuti palibe kanthu kobisika kamene kakuyamwa. Kachipangizo kokoka 0.1A kokha kamadya 72Ah pa mwezi. Batire la asidi, limene likuyendetsa pampu, lisiyireni kapanelo kake kakang'ono.

Zikachitika kuti lithium yatheratu mpaka BMS kudula, itchajeni tsiku lomwelo kapena lotsatira, chifukwa BMS nayo imadya moto pang'ono ndipo maselo amapitiriza kutsika. Matchaja ena saliona batire limene BMS yake yagona, ndiye dziwiranitu m'buku mmene lanu limadzutsidwira. Mabawuti onse muwayese pakatha mwezi woyamba, kenako kawiri pa chaka, ndiponso mukabwera ku ulendo wa mafunde aakulu. Batire limene latupa, lalowa madzi, kapena likutulutsa fungo lachilendo musalitchajenso. Lichotseni m'boti, muliike panja pa simenti kapena pamchenga kutali ndi petulo ndi udzu, ndipo lankhulani ndi amene anakugulitsani za kumene lingatayidwe.